Mitanda Yotuluka Thukuta

Nelia Zangaphee sankakhulupirira chinthu asanachinunkhize. Kalata ikafika mu ofesi ankayamba waiyandikiza kumphuno, kenako n'kuitsegula. Mkaka, mpando wa m'basi, malaya a amuna ake, ngakhale khanda limene amupatsira kutchalitchi kuti anyamuleko, zonse zinkayamba zadzera pamphuno. Anthu ankamuseka, iye analibe nazo ntchito. Ankati maso amapusitsidwa ndi penti, makutu amapusitsidwa ndi Chingerezi, koma mphuno siopa munthu.

Khalidweli analitengera kwa bambo ake, amene anali kapitawo wa gulu lokonza milatho ya njanji ku Balaka. Mkuluyo ankati akanunkhiza thabwa n'kukuuza ngati ndi tsanya kapena mlombwa, ndiponso ngati lamwetsedwa mankhwala kapena ayi. Mwana wawo anakulira m'fungo limenelo, ndipo mwina n'chifukwa chake atafika ku Glasgow anakakamira pa bungwe la eni malonda a mitanda ya njanji, matabwa akuluakulu aja amene zitsulo za sitima zimagonapo. Analowa ngati wokolopa. Patatha zaka khumi ndi zinayi, ndiye ankasunga chipinda cha zitsanzo za matabwa, komanso kabati ya nyundo ziwiri za bungwelo.

Nyundozo zinali zidindo. Ina ikamenyedwa pathabwa inkasiya chithunzi cha gudumu, kutanthauza kuti mtandawo wamwetsedwa kiriyosoti, mankhwala akuda onga phula oletsa kuola, ndipo malo ake ndi kunjanji basi. Inayo inkasiya tsamba, kutanthauza kuti thabwalo ndi loyera, munthu akhoza kumangira dimba, kukhalapo, kudyerapo. Ulemu wonse wa bungwelo unagona pa nyundo ziwirizi.

Lachisanu masana, m'mwezi wa Julayi wotentha modabwitsa, a Geddes, mkulu wa bungwelo, anamuitanira mu ofesi mwawo. Wapolisi anali atangotuluka. Patebulo panali chithunzi cha ntchafu za mwana, zofiira ndi zamatuza ngati wathiridwa madzi owira. Nelia anamudziwa mwanayo ndi diresi. Anali Temwani, wa zaka zinayi, mwana wa Sellina wa kumpingo kwawo. Mwanayo anali atakhala pa mtanda wa m'dimba la mpingo ku Easterhouse dzuwa likuswa mtengo, ndipo mtandawo unali kutuluka thukuta lakuda. Pa mtanda womwewo panali chidindo cha tsamba.

A Geddes sanafunse kuti mwanayo ali bwanji. Anafotokoza, akutafuna switi wa minti, kuti nkhaniyo anali ataimvetsa kale. Mu Febuluwale mitanda yakale makumi awiri inazulidwa panjanji kuti ikawotchedwe kufakitale ya zinthu zapoizoni, koma sinafike. Woyendetsa lole tsiku limenelo anali Useni, Mmalawi wogwira ntchito pa kampani ina ya m'bungwelo. Useniyo ankabwera kawirikawiri mu ofesimo kudzatenga mapepala. Lolemba teni koloko akuluakulu a bungwe adzakumana, n'kupereka dzina lake kupolisi, nkhani n'kutha.

Nelia anati kabati ya nyundo imakhala yokhoma, ndipo Useni alibe kiyi.

"Makiyi alipo awiri," anatero a Geddes m'Chingerezi chawo chofewa. "Wina ali ndi Jasper, woyesa matabwa, wina muli naye inu. Mukufuna ndikawauze apolisi zimenezo? Ine ndikuyesetsa kukutetezani, Nelia."

Pansi pa minti ija Nelia anamva fungo lina, la thukuta la munthu wamantha amene wavala suti yodula. Ankadziwa kuti mapepala a Useni okhalira m'dziko muno anamangika pa ntchito yakeyo. Mlandu ukangomugwera, ndiye kuti ndende kaye, kenako ndege. Anatenga chikwama chake n'kutuluka osatsanzika.

*

Fungo linamuchingamira asanatsegule geti la dimba. Linali fungo la ubwana wake, la ovolosi ya bambo ake, lolemera ndi lomata kukhosi. Dimbalo linali kuseri kwa holo imene mpingo unkapemphereramo: mabedi asanu omangidwa ndi mitanda, odzaza dothi. Mpiru, nkhwani ndi chimanga chimene amayi anachilera ngati mwana m'dziko lozizirali, zonse zinali zitazulidwa n'kuunjikidwa pakona, zikuola. Ntchentche zinali ng'waa.

Sellina anali ataima pamenepo, akadali mu yunifolomu ya kunyumba yosamalira okalamba kumene ankagwira ntchito. Anali atachokera kuchipatala. Sanalire. Ankalankhula mothamanga, mawu akugundana.

"Tadya ndiwo zimenezi, asisi. Miyezi iwiri. Ine ndimachita kunyadira, kumatumiza zithunzi kumudzi kuti onani nkhwani za ku Scotland. Dokotala akundifunsa kuti mwana munamukhazika pa chiyani, akundiyang'ana ngati ndamuwotcha ndine. Temwani akungoti, Mammy, it's burny, kunena kuti pakumuwotcha. Ndimuyankhe chiyani?"

Nelia anagwada pa bedi loyamba. Mitandayo inali yopalidwa bwino ndi makina, n'kupakidwa vanishi wonyezimira. M'nyengo yozizira palibe akanadziwa kanthu. Koma dzuwa linali litatsegula ming'alu, ndipo phula linkatuluka ngati mafinya pachilonda chimene achiphimba ndi nsalu yoyera. Anayeza mtanda umodzi ndi mapazi, monga ankachitira bambo ake. Unali waufupi. Anayeza wina, chimodzimodzi. Kumapeto konse kuwiri munthu anadulako kachidutswa kotalika ngati chikhatho. Chifukwa chake chinali chosabisika, pakuti kumapeto n'kumene kumakhala chidindo cha gudumu.

Kenako anayang'ana tsambalo. Linadindidwa m'mbali mwa mtanda, poonekera, ndipo pa mtanda uliwonse linalipo katatu.

Anafunsa Sellina kuti mitandayo inabwera liti, ndipo anabweretsa ndani. Sellina anati palibe anaona lole. Anangoipeza Lamulungu lina la pakati pa Malichi itayalidwa kale, ndipo m'chipembedzo munalengezedwa kuti ndi mphatso yochokera kwa mzungu wina wakufuna kwabwino amene sanafune kutchulidwa dzina. Anthu anaomba m'manja, amayi n'kululutira.

"Simukukumbuka? O, paja inu munali chigonere ndi chimfine chija. Analengeza ndi amuna anu omwe, a Fryson, poti ndiwo wapampando wa komiti ya dimba. Muwafunse mzunguyo ndi ndani. Ndikufuna ndikamuone nkhope."

Nelia anali atawafunsa kale, miyezi inayi yapitayo. Anamuyankha kuti mkulu wa mpingo saulula dzanja lopereka mobisa.

*

Loweruka m'mawa anakwera sitima kupita kwa Jasper. Ameneyu anali woyesa matabwa wa bungwelo, nkhalamba ya ku Glasgow komweko, ya mawu ochepa ndi manja ngati mafosholo. Ndiye yekha amene ankaloledwa kumenya nyundo zija. Nelia anamupeza akupatsa njiwa zake chakudya kuseri kwa nyumba, atatsamira ndodo.

Anamuonetsa zithunzi za pafoni. Jasper anaziyang'ana nthawi yaitali, n'kulavula pansi. Anati zaka makumi atatu wakhala akudinda mitanda, ndipo sanamenyepo m'mbali. Amamenya kumapeto, pamtima pa thabwa, kamodzi kokha, chifukwa chidindo ndi cha anthu a ntchito, si chokongoletsera. Amene anamenya apayu, iye anati, ndi munthu wofuna kuti aliyense wodutsa aone.

Za Malichi sanachedwe nazo. Anakweza malaya n'kumuonetsa chipsera chachitali m'chiuno. Anachitidwa opareshoni pa 3 Malichi, ndipo anabwerera ku ntchito Epulo atayamba. Kiyi wake amamuvala m'khosi pamodzi ndi mphete ya malemu mkazi wake, ndipo anamwino anachita kulimbana naye kuti amuvule polowa m'chipinda cha opareshoni.

"Koma pali kanthu kena, mayi," anatero, akuthamangitsa njiwa imene inatera pa ndodo yake. "Nditabwerera ndinapeza nyundo ya tsamba ili ndi vanishi m'mizere mwake. Ndinachita kukolokosa ndi msomali. Ndinkayesa ndinu munaipaka pofuna kuisamalira, ndiye sindinafune kukukhumudwitsani."

Nelia anati sanapakepo nyundo chilichonse chibadwire.

Jasper anagwedeza mutu. Anati Useni amamudziwa, ndi mnyamata woopa ngakhale kukhala pampando asanauzidwe, ndipo a Geddes angagulitse mayi awo owabala kuti dzina la bungwe lisatuluke m'nyuzipepala. Kenako anamuyang'ana ndi maso ake otuwa, mopanda nkhanza.

"Wanga anali m'khosi mwanga. Nanga wanu anali kuti mu Malichi?"

Kiyi wa Nelia ankakhala m'kathumba ka m'kati mwa chikwama chake, pamodzi ndi wa chitseko cha kuseri kwa ofesi. Pakati pa Malichi chikwamacho chinakhala milungu iwiri chitapachikidwa kuseri kwa chitseko cha kuchipinda kwake, mwini wake ali gone, mutu ukuwawa, mphuno zitatsekeka kotero kuti sankamva ngakhale fungo la anyezi. Nelia anabweza foni m'chikwamamo. Anangofunsa nthawi ya sitima yobwerera.

*

Useni ankakhala ku Sighthill, m'nyumba zatsopano zimene zinamangidwa pamene panali nyumba zakale zosanjikizana zimene zinagwetsedwa. Kampani yake inali itamuimitsa kale ntchito. Anatsegula chitseko atavala mkanjo wa kumzikiti, ndipo atamuona Nelia anapinda maondo pang'ono monga amachitira kwawo ku Machinga. M'nyumbamo munkanunkha sopo ndi njala. Pachitofu panalibe kanthu.

Anamukhazika pampando, iye n'kukhala pansi. Sanakane za lole. Anati mitandayo anaitsitsadi panjira, pa garaja ina yobwereka, osati kudimba la mpingo. Anaitsitsa ili yakuda bii, zidindo za gudumu zili pomwepo. Amene anamupempha anati akufuna kutchingira dothi pamalo oimika magalimoto, pamene sipafika mwana kapena ndiwo. Sanalandire kanthu. Anadziwa kuti n'kulakwa, koma panalibe pokanira. Nyundo sanaigwirepo, ndipo kudimbako sanapondeko, poti iye si wa mpingowo.

"Amene anakupemphayo ndani?"

Useni anayang'ana zala zake za kumapazi.

"Useni, Lolemba akupereka dzina lako. Mkazi wako ndi ana ako ku Ntaja adya chiyani ukakhala m'ndende? Ndiuze dzina."

"Amayi, andifunse apolisi, andifunse a Geddes, ndidzaona choyankha. Koma inu musandifunse."

"Chifukwa?"

"Ndinadya m'mbale zanu miyezi itatu nditangofika kuno. Munandipatsa jekete yoyamba. Inu musandifunse, amayi, chonde."

Nelia anamuyang'ana mnyamata wamkulu ndithu, wa ndevu zake, atakhala pansi ngati mbuzi yodikira mpeni, wokonzeka kupita kundende chifukwa cha mbale za mpunga ndi jekete yakale. Ulemu umenewu sunamusangalatse m'pang'ono pomwe. Unamunyansa. Anamuuza kuti adzuke pansipo akaphike, ndipo asasaine pepala lililonse mpaka Lolemba.

*

Pamalo okwerera basi anakhala pabenchi n'kulola mabasi awiri kudutsa. Zimene ankadziwa tsopano zinali zambiri, koma zogwirika m'manja analibe. Useni sakanalankhula. Kiyi anali wake. Akanati apite kupolisi ndi mawu okha, a Fryson akanavala suti yawo ya Mgonero, n'kulankhula Chingerezi chawo cha ku yunivesite, ndipo wapolisi akanaona mkulu wa mpingo mbali ino, dalaivala ndi mayi wokolopa mbali inayo.

Anakumbukira mwezi wa Januwale. A Fryson anaima kutsogolo kwa mpingo n'kulonjeza kuti matabwa a dimba asadetse nkhawa munthu, akazi awo ali ku bungwe la matabwa. Sanamufunse. Atafika kunyumba iye anawauza kuti bungwe si sitolo yake, ndipo sakapemphetsa kwa azungu chifukwa cha pakamwa pa munthu wina. Sanalankhulane masiku atatu. Chisankho cha mlembi wa mpingo chinali mu Epulo, ndipo a Fryson anapambana.

Mitanda makumi awiri, yodulidwa uku ndi uku. Zidutswa makumi anayi, chilichonse cholemera ngati njerwa zitatu. Zinapita kuti? Mzungu akanazitengera kudzala la khonsolo tsiku lomwelo. Koma amene anadula mitandayi sanali mzungu. Anali munthu wokulira ku Ntcheu, kumene mayi amayenda mtunda wautali kufuna kamtolo kamodzi, munthu amene mpaka lero ankatola timitengo m'paki n'kubwera nato kunyumba yotenthetsa ndi gasi. Mmalawi angataye mkazi, angataye chikhulupiriro, koma sataya nkhuni.

Pomwepo malovu anadzaza m'kamwa mwake. Anakumbukira nyama ya mbuzi ya pa 6 Julayi, pa chikondwerero cha ufulu chimene Amalawi anachitira m'paki. Anailuma kamodzi n'kuilavulira m'pepala, chifukwa inkamveka ngati yawotchedwa pa tayala. Anthu anati a Nelia ayambanso ndi mphuno yawo ija. Wowotcha nyamayo anali Angelina Chikhumbo.

*

Angelina ankakhala ku Pollokshields, m'nyumba za miyala zosanjikizana, pamwamba pa sitolo ya Amwenye yogulitsa nsalu. Ankaphikira maukwati ndi zinkhoswe za Amalawi, ndipo pakamwa pake sipankatsekeka ngakhale akulawa supu. Nelia anangotchula nyama ya pa 6 Julayi, basi mtsinje unasefukira.

"Achemwali, musandikumbutse. Mbiri yanga inathera pamenepo. Anthu akumati Angelina wayamba kuthira parafini mu nyama. Ine? Zaka khumi ndikuwotcha mbuzi mu Glasgow muno. Ndi nkhuni zija. Ndinanena ine kuti tigule makala, koma amuna anuwo akuti ayi, tisawononge, ndili ndi nkhuni zabwino zouma. Anabwera nazo matumba atatu pa vani yawo. Utsi wake wakuda ngati wa basi ya ku Nsanje. Wigi yanga ndachapa kanayi, mpaka pano ikununkha siteshoni."

Nelia anafunsa ngati zonse zinapsa.

"Zipse bwanji? Ndinazimitsa thumba lachiwiri lisanathe, n'kutuma anthu kukagula makala. Lachitatu lili m'kashedi kuseriku."

"Simunataye?"

Angelina anamuyang'ana ngati wamufunsa ngati anataya mwana. "Nkhuni?"

Anatsika masitepe. Kashediko kanali kotentha ngati uvuni, ndipo chitseko chitangotseguka Angelina yemwe anatseka mphuno ndi chitenje. Thumbalo linali pakona, pansi pake patadontha zakuda. Linali thumba la ufa la makilogalamu makumi awiri ndi asanu, ndipo pakona pake panali chigamba chosokedwa ndi ulusi wobiriwira. Nelia anasoka yekha chigambacho chaka chatha.

Zidutswa zambiri zinali zowazidwa ndi nkhwangwa, koma pansi panali zitatu zathunthu. Anatulutsa chimodzi n'kupita nacho pakhomo powala. Mbali imodzi inali yodulidwa kumene ndi sowo. Mbali inayo inali yakale, yakuda, ndipo pamtima pa thabwa, kamodzi kokha, panali gudumu la Jasper.

Angelina anachiyang'anitsitsa chidindocho. Kenako anafunsa motsitsa mawu ngati zimenezi zikukhudzana ndi mwana wa Sellina. Nelia anamuuza kuti akhome kashediko, kiyi amuike m'bra, ndipo asapatse munthu aliyense thumbalo, ngakhale abusa amene. Anafunsanso ngati pa sofa yake pangagone munthu masiku angapo.

*

Lamulungu a Fryson ndiwo anatsogolera pemphero lopempherera Temwani. Linali lalitali, la mawu okoma. Anapempha kuti Mulungu achize kamwanako, aulule zobisika, ndipo akhululukire mlendo amene anabweretsa tsoka pakati pa nkhosa zake. Amayi ena analira. Nelia anakhala maso ali tong'o, akuyang'ana nsapato za amuna ake zopolishidwa bwino.

Atafika kunyumba anadikira kuti avule jekete, akhale pa tebulo. M'malo mwa mbale anawaikira chidutswa chija patsogolo, pa nsalu yoyera ya Lamulungu.

A Fryson anachiyang'ana. Sanafunse kuti n'chiyani. Anafunsa kuti wachitenga kuti.

"M'thumba langa la ufa. Kwa Angelina."

Anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi tayi. Poyamba anati mzungu uja ndiye anawapatsa nkhunizo. Nelia anawafunsa ngati mzunguyo ndiyenso analowa kuchipinda kwawo n'kupisa m'chikwama chake iye akubuula ndi chimfine. Apo anasiya za mzungu. Anati iye ndiye anayambitsa zonsezi powachititsa manyazi, mwamuna atalonjeza pagulu. Anati anapala mitandayo bwinobwino, anapaka vanishi kawiri, ndani akanadziwa kuti ku Scotland kungatenthe chonchi. Anati kumudzi anthu amakhalira mitanda yotereyi moyo wawo wonse, amamangira makola, ndipo palibe anafapo. Malamulo enawa ndi mantha a azungu chabe.

"Bambo anga munawaona mikono yawo," anatero Nelia. "Munagwirana nawo chanza tsiku la chinkhoswe chathu, kenako munakasamba m'manja kuseri. Ndinakuonani. Zilonda zija zinali za chiyani?"

"Mayi a Malumbo, khalani pansi tikambirane ngati anthu akuluakulu."

"Ndaima bwino."

Anatsitsa mawu, n'kukhala mawu a mkulu wa mpingo amene amayanjanitsa mabanja. Anati mwanayo achira, madokotala anena. Useni ndi mnyamata, alibe banja kuno, ngakhale atabwerera kumudzi akayambiranso, ndipo iwo adzamuthandiza mwakachetechete. Koma iwo akagwa, ugwa ndi mpingo wonse, ndipo azungu adzati Amalawi ndi akuba. Aganizirenso Malumbo, mwana wawo wamkazi amene akumaliza maphunziro a unamwino ku Dundee, kuti dzina la bambo ake likatuluka m'nyuzipepala adzayenda bwanji. Nkhani ya m'nyumba ili ndi njira zake. Aimbire ankhoswe, aitane abusa, apemphere.

"Ankhoswe anatimangitsa ukwati. Sanawotche mwana wa Sellina."

Pamenepo nkhope yawo inasintha. Anavalanso magalasi.

"Kiyi ndi wanu, mayi. Musaiwale. Mukapita kupolisi mukadzipereka nokha. Ntchito ithera pomwepo, ndipo ndani adzakhulupirire kuti mkazi sankadziwa zimene mwamuna wake akuchita m'nyumba imodzi?"

"Mwina palibe."

"Ndiye mupindula chiyani?"

Nelia anawayandikira, n'kuwerama pang'ono monga ankachitira ndi mkaka wokayikitsa. A Fryson ankanunkha mafuta onunkhira amene iye anawagulira pa Khirisimasi, sopo wabwino, ndi vinyo wa Mgonero. Panalibe fungo la phula ngakhale pang'ono. Anapalidwa bwino, anapakidwa kawiri. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi wakhala akugona pafupi ndi munthu ameneyu, mphuno yake yotchukayo osamva kanthu. Chimenechi n'chimene chinamunyansa koposa zonse.

Anatenga chidutswa chija. Pa nsalu yoyera panatsala banga lakuda la makona anayi.

Kuchipinda anatsitsa chikwama chachikulu chimene anabwera nacho kuchokera ku Chileka. Anaikamo madiresi anayi, nsapato za ku ntchito, mankhwala ake a magazi, pasipoti, ndi chithunzi cha bambo ake ataima pa mlatho, manja ali kumbuyo. Yunifolomu ya Mvano anaiyang'ana kanthawi, n'kuisiya pa hang'ala. Anatumizira Useni uthenga woti akumane pakhomo la polisi Lolemba eyiti koloko m'mawa, maola awiri akuluakulu a bungwe asanakhale pansi, ndipo abwere atadya. Anatumizanso wina kwa Jasper, woti abwere ndi msomali wake uja wokolokosera vanishi pa nyundo, ngati akadali nawo. Malumbo adzamuimbira yekha madzulo, asanamve kwa anthu.

A Fryson anaima pakhomo la chipinda. Anafunsa, mwa mawu aang'ono tsopano, kuti anthu akafunsa kumpingo adzawauza kuti akazi awo apita kuti.

"Mudzati mzungu wina wakufuna kwabwino wawatenga. Paja mumatha kulengeza."

Anakulunga chidutswacho m'chitenje chakale, n'kuchiika pamwamba pa zovala pamodzi ndi kiyi wa kabati. Ankadziwa kuti pofika mawa madiresi onse anayi adzakhala akununkha phula, ndipo fungo limenelo silichoka ndi sopo. Akanatha kuchikulunga m'pulasitiki. Sanatero. Anatseka zipi, anakweza chikwamacho, n'kuwauza a Fryson kuti apatuke pakhomo.